Paipi ya mabuleki yomwe bambo anati yafupika

Ndiyambe ndi cholakwa chaching'ono, kuti pofika pa chachikulu mukhale mutandidziwa kuti ndine munthu wotani. Tsiku lomwe ndinamaliza kumanga injini ya galimoto ya bambo anga, ndinaitana anthu a mumzere wonse wa nyumba zathu kuno kutauni ku Dangamvura kuti adzamve ikulira. Ndinasamba, ndinavala ovolosi yochapa, ndinaikanso mipando panja ngati pali chinkhoswe. Nditapotokola kiyi, injini inangokhosomola. Ndinapotokolanso mpaka batire inatha. Amuna anayi anaikankha kutsika ndi msewu wathu, n'kuikankhanso kukwera, thukuta lili kamukamu, koma osalira. Nditapisa m'thumba kufuna kansalu kopukutira nkhope, dzanja linagwira kalota, kachipangizo kogawa moto kumapulagi, komwe ndinachotsa m'mawa kuti ndikapukute. Ndinayesa kukabwezeretsa mobisa, koma bambo anandiona ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mapeyala. Anangoseka mpaka misozi.

Tsiku limenelo ndinangotaya ulemu basi. Cholakwa chachiwiri chinanditayitsa bambo anga, ndipo n'chimene ndikufuna inu owerenga mumve bwino. Koma ndineneretu pano: sindikulemba kuti ndipepese kwa aja ankati chitsulochi ndikagulitse kwa osungunula. Kwa amenewo sindipepesa. Ndinalakwa pa paipi imodzi, osati pa galimoto yonse.

Bambo anawoloka malire kubwera m'dziko lino ali mnyamata kuchokera ku Ntcheu, n'kupeza ntchito papulazi ya fodya ku Odzi. Anayamba ndi khasu, kenako thilakitala, mapeto ake ndiwo ankakonza chilichonse cha injini papulazipo. Kulemba ankangodziwa dzina lawo. Ine ndi mlongo wanga tinabadwira m'komboni ya pomwepo, ndipo mayi anamwalirira pomwepo, n'kuikidwa kumanda a antchito, m'kankhalango kali kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa phiri. Mapulazi atagawidwa, mzungu mwini pulaziyo pochoka anawasiyira bambo galimoto yakale yoyendera m'minda, ya mtundu uja wokoka ndi mawilo onse anayi, pamodzi ndi mapepala ake. Injini inali itafa kale. Malo sitinapatsidwe, komboni inaphwasuka, anthu anabalalika. Ife tinakoketsa galimoto ija mpaka kuno, ndipo inakhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma kuwerenga sindinasiye. Ndine mlonda pamalo ochekera matabwa, ndipo mlonda nthawi ali nayo. Ndimawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yomwe akulungira nsomba. Mumzere wathu amanditcha Pulofesa, ndipo zinanditengera zaka ziwiri kuti ndizindikire kuti sakunditama ayi.

Bambo atakalamba, miyendo ikukana, anayamba kunena chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku. Ankafuna akaike chiliza pamanda a mayi, komanso akatiloze ndi dzanja lawo pomwe iwo adzagone. Kwathu munthu wamkulu akaloza malo pamaso pa ana ake, nkhani yatha, palibe wotsutsa pa tsiku la maliro. Akapanda kuloza, aliyense amabwera ndi nzeru zake. Ku Ntcheu sakanabwerera, omwe ankawadziwa anatha. Ankati akagona pambali pa mkazi wawo, osati pakati pa alendo kumanda a m'tauni.

Vuto linali msewu. Msewu wa papulazi unasiya kupalidwa kalekale, mbali ina unalimidwa, ndipo kamlatho ka pamtsinje kanapita ndi madzi chaka china cha mvula yamkuntho. Njira yomwe inatsala ndi yakale yodutsa paphiri, yamiyala ndi zigwembe. Kombi, minibasi ya kuno, imakusiyani pamsewu waukulu, n'kuyenda wapansi maola awiri. Bambo kuchoka pabedi kufika pamtengo wa mapeyala ankapumira panjira. Ndinafunsa eni malole angapo ku Sakubva, komwe kuli msika waukulu wa tauni yathu, onse atamva malowo anapukusa mitu. Ndiye tsiku lina ndinathamangitsa nkhuku, n'kutsegula boneti.

Pansi pa mpando ndinapeza buku la galimotoyo, lodyedwa ndi makoswe m'mphepete. Ndinaliwerenga katatu, dikishonale ili pambali. Zipangizo ndinkazisaka kumsika wa Sakubva, kwa aja oyala zitsulo pansi, nthawi zina kuyenda sabata zitatu kusaka kanthu kochepa ngati chala. Ntchito inatenga chaka ndi miyezi. Nthawi yonseyo bambo ankakhala pampando wawo, ine pansi pa galimoto. Injini itayamba kulira, ankangotchera khutu n'kunena kuti pulagi yachitatu sikuotcha, ndipo ndikatsegula ndinkapezadi choncho. Zinkandisangalatsa, komanso zinkandiwawa. Ine ndawerenga mpaka maso kufiira, iwo angomva ndi khutu limodzi, linalo linagontha.

Anthu ankaseka, ndipo ndinkawasiya aseke. Ena ankati ndikumanga khola la nkhuku loyenda. Ogula zitsulo zakutha ankaima pampanda mwezi uliwonse. Ndinkawauza kuti abwerenso ine ndikafa, koma abwere ndi ulemu chifukwa mzimu wanga udzakhala uli pachiwongolero.

Galimoto itayamba kuyenda, ndinapita wapansi kukaona njira ija. Malo omwe muli mandawo tsopano ndi puloti ya a Gwenzi, bambo wachishona yemwe anapatsidwa pamenepo pa nthawi yogawa. Ndinawafikira mwaulemu, ndipo anandilandira bwino. Kankhalangoko sanakadule, ng'ombe zawo salowetsamo. Anati tibwere, manda sakanizira munthu. Koma nditaona zigwembe za m'njiramo, ndinati galimotoyi ndi yaifupi, idzagunda mimba pamiyala. Apa m'pamene Pulofesa anadzuka.

Ndinaonera mavidiyo pafoni, azungu akukweza magalimoto awo. Ndinawonjezera masipuling'i, ndinatalikitsa zitsulo zomwe masipuling'iwo amakolekedwapo, ndinaika mashoko aatali ndi matayala akuluakulu a kaunjika. Galimoto inakwera pafupifupi chikhatho chimodzi. Inkaoneka bwino, ndisaname. Ndikadutsa pamashopu anthu ankatembenuka, ndipo ndinayamba kudutsa pamashopu popanda chogula.

Inu amene simudziwa za galimoto, mverani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mafuta a mabuleki amayenda m'timapaipi tachitsulo tomangidwa kuchasisi, chimango chachitsulo chomwe galimoto yonse imakhalapo. Koma ekiselo, chitsulo chogwira mawilo, imakwera ndi kutsika, ndiye pakati pa ziwirizi pamakhala paipi ya labala yopindika. Paipi imeneyi ndinagula yatsopano, ya muyeso weniweni wolembedwa m'buku. Chimene sindinaganize n'chakuti bukulo linalembedwa za galimoto yosakwezedwa. Komanso magalimoto akale amenewa mafuta a mawilo onse anayi amachokera m'njira imodzi. Paipi imodzi ikaduka, mabuleki onse apita.

Bambo anaona paipiyo ali pampando, n'kunena kuti yafupika. Anandiuza kuti ndikweze chasisi ndi jeke mpaka tayala lilendewere, kenako ndilowe pansi ndikagwire paipiyo ndi dzanja. Umu ndi momwe ankachitira papulazi: chilichonse akakonza, ankachilendewetsa kaye n'kuchigwira. Ine ndinabweretsa buku, n'kuwalozera nambala. Taganizani, kulozera nambala munthu wosawerenga, bambo ako okubala.

"Iwe, bukulo linakwerapo phiri la ku Odzi?" anandifunsa.

Ndinaseka, n'kuwauza kuti za masiku ano ndi za miyeso. Tsiku lachiwiri ananenanso kuti yafupika. Ndinawayankha kuti ndaona, ili bwino. Sindinaone. Jeke inali pomwepo pansi pa mtengo, ntchito yake yosakwana nthawi yophikira tiyi. Sikuti ndinachita ulesi ayi. Ndinkafuna pakhale chinthu chimodzi pagalimotoyo chomwe buku langa lapambana khutu lawo.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, nyengo yachilimwe. Kumbuyo kunali chiliza chokulunga m'bulangete, matumba awiri a simenti, zigubu za madzi ndi mlongo wanga. Bambo anakhala kutsogolo atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Pamsewu wa tala zonse zinali bwino. Titakhotera kufumbi, bambo anasanduka mnyamata. Ankaloza pomwe panali zigafa za fodya, pomwe panali dibi la ng'ombe, pomwe anamuonera mayi koyamba akusankha fodya. Pokwera phiri galimoto inakwera ngati mbuzi, ndipo ndinawayang'ana kuti anditame. Anangoti ndiike giya yaing'ono potsika, phazi lisayandikire kilatchi.

Tinatsika bwino mpaka pomwe njira imapendekera kumtsinje. Kankhalango ka manda kankaoneka kutsidya. Tayala lakutsogolo la mbali ya bambo linagwera m'chigwembe, ekiselo inatsika mpaka mapeto. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wadula ulusi. Nditaponda buleki, phazi linangopita mpaka pansi. Ndinapopa kawiri, katatu, palibe. Galimoto inali m'giya yaing'ono, ikanatha kutsika yokha pang'onopang'ono, koma mantha anandipondetsa kilatchi. Inamasuka n'kuyamba kuthamanga. Bambo anakuwa kuti ndisiye kilatchi. Nditasiya, inadzuma, inakhota, n'kugona chammbali m'chigwembe, mbali ya bambo ili pansi, ine pamwamba pawo.

Mlongo wanga anangosupuka mkono. Ine ndinatuluka wopanda bala, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Chiliza chinasweka pakati. Bambo titawatulutsa sankatha kusuntha mwendo, fupa la m'chiuno linali litathyoka.

A Gwenzi anamva phokoso n'kubwera ndi ngolo ya ng'ombe. Tinawagoneka bambo pamatumba, ndipo a Gwenzi anatembenuza ng'ombe kuloza kumsewu waukulu. Bambo anagwira m'mphepete mwa ngolo n'kufunsa kuti tikupita kuti. Mlongo wanga atati kuchipatala, anakana. Thukuta linkayenderera, milomo itayera, koma mawu anali a munthu wolamula.

"Ndayenda zaka zonsezi kubwera pano, ndibwerere ndikuona mitengo ija? Chipatala sichithawa. Tembenuzani ng'ombe."

Mlongo wanga analira, anawapempha, anandiyang'ana kuti ndinenepo. Ine ndinali nditawatsutsa kale kamodzi, ndipo zotsatira zake zinali gone chammbali m'chigwembe. Sindikanawatsutsanso. A Gwenzi anavula chipewa, n'kutembenuza ng'ombe.

Tinawoloka mtsinje pamchenga. Ngolo ikagunda mwala bambo ankaluma kolala ya jekete. Titafika, tinasesa pamanda a mayi ndi nthambi, iwo akuyang'ana ali m'ngolomo. Analankhula ndi mayi motsitsa mawu, sindinamve zonse, ndipo zomwe ndinamva si zanu. Kenako anakweza ndodo yawo n'kuloza kumanja kwa mandawo, pansi pa mtengo wa msuku. Anatiuza tiike miyala inayi m'makona, a Gwenzi akhale mboni. Nditaika mwala womaliza anati, tsopano tiyeni kuchipatala kwanuko.

Sanayendenso. Anagona kuchipatala sabata zingapo, kenako kunyumba. Chifukwa chogona nthawi yaitali chifuwa chinawalowa, ndipo patatha miyezi iwiri anamwalira. Pa nthawi yonseyo sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkapweteka kuposa kutukwanidwa. Tsiku lina ndikuwatembenuza ndinawauza kuti paipi ija sindinaione, ndinanama. Anati ankadziwa, chifukwa jeke inali ndi kangaude yemweyo sabata yonse. Kenako anandifunsa ngati galimoto ndaichotsa m'chigwembe. Ndinati a Gwenzi anaikoka ndi ng'ombe, ili pakhomo pawo, ndipo sindikufuna kuionanso. Anandifunsa kuti nanga iwo kumanda kuja adzapita pa chiyani.

Ndinakaitenga. Ndinaongola chitseko ndi nyundo, ndinakapangitsa mapaipi aatali kwa okonza mapaipi a mathilakitala, ndinachotsako masipuling'i ena kuti itsike pang'ono. Ndinakweza chasisi kona iliyonse payokha mpaka tayala kulendewera, n'kugwira paipi iliyonse ndi dzanja. Bedi la bambo tinalikokera pawindo kuti aziona. Pomaliza anangogwedeza mutu kamodzi.

Tsiku lomwe anamwalira, nyumba inadzaza, ndipo nkhondo inayamba mtembo usanazizire. Akuluakulu a bungwe lathu la maliro anati ali ndi galimoto yabwino ndipo manda a m'tauni ndi apafupi. Achibale a ku Sakubva anati chitsulo chomwe chapha munthu sichinganyamulenso munthu yemweyo, ndi malodza. Amene ankalankhula kwambiri anali a Nangondo, mayi wachikulire woyandikana nafe mpanda, yemwenso anakulira m'komboni ya pulazi ina ku Odzi. Ananena pamaso pa anthu onse kuti ndapha bambo ndi matama, ndiye ndikufuna ndiphenso onyamula maliro.

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti mbali yoyamba a Nangondo sananame, ndipo ndidzaisenza mpaka imfa yanga. Koma galimoto sinaphe munthu. Malodza ake ndine, amene ndinakana kulowa pansi. Bambo analoza malo ndi ndodo yawo, fupa litathyoka, ana awo awiri tikuona, mboni ilipo, miyala ilipo. Amene akufuna kuwaika kwina ayambe wapita ku Odzi akachotse miyalayo ndi manja ake. Mlongo wanga, yemwe anali asanandilankhule bwinobwino chichitikire ngozi, anadzuka kuchoka kwa amayi n'kudzaima pafupi nane.

M'mawa wa tsiku loika, anthu atasonkhana, ndinatulutsa jeke. Ndinakweza kona iliyonse, n'kuitana wapampando wa bungwe kuti agwade ndi suti yake agwire yekha. Anagwada. Ena ankang'ung'udza kuti ndikuchedwetsa maliro. Ndinati achedwe, mwini wake sakudandaula.

Basi inasiya anthu pomwe fumbi limayambira, ndipo anayenda wapansi pambuyo panga akuimba. Bokosi ndinalimanga ndi zingwe kumbuyo. Pofika pachigwembe chija ndinali m'giya yaing'ono, phazi lamanzere nditalipinda pansi pa mpando kuti lisaganize n'komwe za kilatchi. Tayala linagwera, ekiselo inatsika, nyimbo inaduka. Ndinaponda buleki, inagwira. Tinawoloka, ndipo bambo anagona pakati pa miyala yawo inayi. Chiliza chija tinachilumikiza ndi simenti n'kuchiika pa mayi tsiku lomwelo. Mzere wa mng'alu ukuoneka, ukudutsa pakati pa dzina lawo, ndipo ndakana kugula china.

Inu owerenga, makamaka inu anzanga odziphunzitsa nokha, musaleke kuwerenga chifukwa cha ine. Buku lija silinaname. Linanena zoona za galimoto yomwe linkaidziwa, ine ndi amene ndinaisintha n'kumayembekeza kuti bukulo lidziwa lokha. Mukakweza galimoto, zonse zolumikiza pamwamba ndi pansi zafupika, kaya mukuziona kapena ayi. Ilendewetseni, lowani pansi, gwirani. Musayesere njira yoipa mutanyamula munthu amene simungathe kumubweza. Potsika phiri, kilatchi si mnzanu. Ndipo nkhalamba yosadziwa kulemba ikakuuzani kawiri chinthu chimodzi, chitani, ngakhale mukudziwa kuti mwakhoza. Mukakhala kuti munakhozadi, mwataya mphindi khumi zokha. Ine ndinasunga mphindi khumi zimenezo, ndipo ndili nazobe, sindikudziwa chochita nazo.

Koma musandiuze kuti ndikanangowasiya pampando paja mpaka imfa, osaona manda a mkazi wawo. Musandiuze kuti anthu ngati ife tizingoikidwa paliponse pomwe galimoto ya maliro ingafike mosavuta. Makolo athu analima minda imeneyo mpaka misana kupindika, ndipo chomwe anatsala nacho ndi timitengo ta manda kuseri kwa mapiri. Ngati msewu wopita kumeneko unafa, ine ndipita wopanda msewu. Galimoto ilipo, sindigulitsa, ndipo ogula zitsulo ndawauza kuti asiye kutaya nsapato.

Patatha sabata zitatu chiikire maliro, ndinali pansi pa galimoto ndikuthira girizi pomwe ndinaona mapazi aima pafupi ndi tayala. Anali a Nangondo. Chichokereni kumaliro kuja sitinalankhulane. Ndinatuluka, n'kupukuta manja, kudikira mawu ena owawa. Anayang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, osandiyang'ana ine.

"Zomwe ndinanena pamaliro paja sindibweza, usayembekeze," anatero. "Koma mwana wanga woyamba ali papulazi ina kuseri kwa phiri lomwelo. Anali ndi miyezi isanu. Chichokereni sindinakasesepo. Mvula isanagwe unditengere. Ndipo usandiike kumbuyo ngati thumba la simenti, ndikhala kutsogolo, ndizikuuza njira, iwe uzimva."